Tonde Wotsiriza wa Atate

Ndinauka kusanache, azimai a kwaya akali kuimba motsitsa mau m'nyumba ya maliro. Kunali kutatentha kale, kutentha kwa Okutobala kwa kuno ku Feira. Kumoto kumene anali kuphika sindinapiteko, ndinalunjika kukhola.

Atate anali ndi timbuzi tawo tofiirira, ta miyendo ifupiifupi, ta mzere wakuda pamsana. Ankati ndi mbuzi za makolo a ku Kavalamanja, zosaopa kashembe kapena chilala. Anzawo onse anathamangira mbuzi zikuluzikulu za kumafamu, mtundu wakalewo n'kumatha. Iwo okha, ndi liuma lawo lija, anazitsekera pazokha zaka zonsezi kuti zisasakanizike. Anthu ankawaseka, inenso ndinkawaseka. Pomwalira anasiya zazikazi zinai ndi tonde mmodzi. Kuchipatala anandigwira dzanja nati, "Mwanangu, tonde uja umusamale. Akapita ameneyo, basi zatha."

Poganiza za chikhamu chimene chinali kubwera, ndinaopa kuti wina angasiye khola lotsegula. Ndinatenga chingwe n'kumanga tonde uja pamtengo wa msau kuseri kwa nyumba, pamthunzi, n'kumuikira madzi m'beseni. Ndinadziona wanzeru zedi, ine mai wa ku Lusaka.

Dzuwa litakwera, abale a ku Zumbo anafika pa mabwato ndi masaka a nsomba zouma. Ena anabwera pa njinga, ena wapansi. Abusa sanatalikitse chifukwa cha dzuwa. Tinauyamba wa kumanda, fumbi lili koboo, bokosi likusinthana mapewa. Poponya dothi ndinalakalaka nditamvanso mau a atate, ngakhale akundikalipira.

Pobwerera, fungo la nyama linatichingamira panjira. Pamsau panalibe kanthu. Chikopa chinali chitayanikidwa padenga la nkhokwe, mzere wakuda uja uli poyera.

"Ndani wachita zimenezi?" ndinakuwa.

Mkulu wa adzukulu, okumba manda aja, anandiyang'ana modabwa. "Amai, si ndinu munatimangira? Pamaliro mbuzi yomangidwa ndi ya adzukulu. Ife timati mwatilemekeza."

Mayo ine! Mwambo umenewu ndinali kuudziwa kuyambira ndili mwana, koma tauni inandiiwalitsa. Panalibe womukalipira. Tondeyo ndinamupereka ndekha, ndi manja angawa. Atandibweretsera mbale ya nyamayo ndinaikankhira kwa mnzanga.

Madzulo anthu atabalalika, panyumba panati zii. Amai anga anakhala pakhonde, mpando wa atate uli pambali pawo wopanda munthu. Zazikazi zinai zija zinali kulira m'khola, ndipo chitonde choyera cha aneba, cha mtundu wa kumafamu uja, chinali kuzungulira mpanda, chikununkhiza. Ndinatola mwala kuti ndichigende.

"Chileke," anatero amai, osandiyang'ana n'komwe. "Mawa uzitsegulire zikadye ndi zinzake. Nanga tikuzisungiranso ndani?"