Tsiku Limene Tinatulutsa Sofa Pamvula

Amalawi a ku Leicester tili ndi chizolowezi chathu. Mnzathu akaferedwa kumudzi sitidikira kuitanidwa. Timangonyamula miphika ndi zitenje n'kukadzaza m'nyumba mwake, poti tonse tikudziwa kuwawa kwa maliro omvera pafoni.

Ndiye pamene mnzanga wa pawodi, nesi wochokera ku Palestina, anataya mchimwene wake ku Gaza, sindinazengereze. Mchimweneyo anamuwombera pafupi ndi malire, ndipo mnzangayo analibe njira yopitira kukaika maliro. Ndinaimbira foni mayi wina wamkulu wa kutchalitchi kwathu, amene tonse timangowatchula kuti anti.

"Komatu ndi Msilamu, anti," ndinawachenjeza.

"Nanga Msilamu salira? Tiyeni."

Loweruka m'mawa tinafika pakhomo pake, gulu la azimayi, ena titangoweruka kushifiti. Mnzanga anatitsegulira maso ali otupa. Anti anamukumbatira, kenako anamwaza maso pabalaza n'kupukusa mutu.

"Anthu akhala pati apa? Sofa ituluke."

Kwathu pamaliro mipando imatulukadi kuti azimayi akhale pansi. Koma kwathu kulibe kamvula ka ku England kowaza tsiku lonse, ndiponso zitseko zake si zopapatiza chonchi. Sofa inakanirira pakhomo lakuseri, sipita kutsogolo, sibwerera. Mwamuna wa mnzanga anaima n'kumationerera. Kenako anavula jekete, n'kutiuza kuti tiipendeketse, ndipo inatuluka.

Masana kunabwera bambo wina wagolosale, Mmwenye wobadwira ku Limbe, atanyamula thumba la mpunga ndi mipando yopinda. Ataona sofa ikunyowa kugadeni anagwira pakamwa.

"Amayi inu, pano si pa Ndirande!" anatero m'Chichewa choposa cha ana anga, uku akuthamangira kugalimoto kukatenga lona.

Ndi bambowa amene anatiuza kuti anzathuwa saimba nyimbo pamaliro. Amakhala pamodzi, kupemphera, n'kumamwa khofi. Anti anamvera, ngakhale ndinkaona kuti nyimbo ikuwayabwa pakhosi. Khofi uja atabwera m'timakapu ting'onoting'ono, analawa, nkhope n'kukwinyika.

"Shuga aiwala?" anandinong'oneza.

"Ndi wamaliro, anti. Amakhala wowawa dala."

"Ooh." Anamaliza yense ngati mankhwala a malungo.

Anthu ankangobwerabe. Ophunzira akwawo kwa mnzanga anafika pasitima kuchokera ku Loughborough, banja lina la ku Palestina linachokera ku Normanton, ndipo mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana anabweretsa keke n'kukhala nafe pansi, mawondo akulira. Mtsikana wina mwa ophunzirawo anati nayenso msuweni wake anaphedwa mwezi womwewo, n'kutchula dzina lake. Bambo wa ku Normanton anatchula la mwana wa mlongo wake. Mayina anapitirira choncho kuzungulira balaza, ndipo ife a ku Malawi, posadziwa mapemphero awo, tinkangoyankha lililonse kuti, "Pepani." Posakhalitsa aliyense ankayankha nafe, ndi mzungu yemwe.

Kenako mnzanga anayamba kutiuza za mchimwene wake. Ankaweta nkhunda padenga, ndipo iliyonse anaipatsa dzina la wosewera mpira. Ankadzitama kuti ndi katswiri wophika, chonsecho ngakhale mazira ankapsereza. Mnzangayo anaseka, ife n'kuseka naye, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Anti anamukokera pafupi, n'kumugoneka mutu pamiyendo pawo, akumusisita pamsana monga timachitira ndi mwana.

Sipanapite nthawi, mnzanga anagona tulo. Mwamuna wake anandiuza chapansipansi kuti chilandirire uthenga uja mkazi wake anali asanatsekepo chikope.

Anti mwendo unawachita dzanzi koma sanasunthe. Anangotikodola ndi maso kuti tipite kukhitchini, ndipo tinakatsuka makapu mwakachetechete, mpope titautsegula pang'ono pokha.