Chidole changa chakwera chitunda

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuno ku Solihull, ku Mangalande, sinowo yagwa yoopsa. Pochokera ku shifiti ndapeza magalimoto akuluakulu atakanika pa chitunda chakwathu, matayala akungozungulira pamodzimodzi. Mmodzi wa okanikawo ndi alamu anga a Gondwe, omwe aja amati kagalimoto kanga kamagetsi ndi chidole.

Ine ndangokumbukira zomwe ndinaphunzira m'ma 90 ndili pasukulu konkuno, ndikugawa mkaka pa kangolo kamagetsi: phazi lopepuka, buleki osaponda mwadzidzidzi. Hita yotenthetsa m'galimoto ndazimitsa kuti batire isathe, n'kufunda chitenje. Kagalimoto kanga kakwera pang'onopang'ono, osaterereka!

Alamu galimoto yawo aisiya konko. Ndawabweretsa atakhala kumbuyo, mawondo ali pachibwano.

Inu mukuti bwanji, mawa ndiwatengenso, kapena ayambe apepesa kaye kwa chidolecho?