Mzere wa Ndodo ya Pageti

Ana ankawatchula kuti Mayi Mizere, chifukwa m'kalasi mwawo munalibe khoma lopuma. Zaka makumi awiri ndi zisanu akuphunzitsa masamu, ankawerengetsa ana chilichonse, kaya mano ogweluka, kaya masiku a mvula. Akatha kuwerenga ankadula makatoni n'kumata pakhoma, mzere uliwonse kutalika molingana ndi chiwerengero chake. Achinyamata amene iwo anawaphunzitsa kugwira choko anakwezedwa pantchito kalekale, iwo ali pomwepo. Chaka chimenecho chinali chomaliza asanapume, ndipo chimene chinatsala kuti nawonso akwezedwe chinali kalata imodzi ya ahedi yowachitira umboni.

Teremu imeneyo anawo anafufuza chimene chimawajombetsa kusukulu. Wojomba aliyense akabwera ankaponya kachitsekero ka botolo m'chitini cha chifukwa chake: matenda, mvula, ntchito zapakhomo, kapena ndodo ya pageti. Pajatu ochedwa ankakwapulidwa ndi achiwiri kwa ahedi, choncho ambiri akamva belu ali m'njira ankangobwerera kwawo. Mzere wa ndodo unafika pa 41, mpaka kupitirira msomali wa kalendala.

Ahedi anauona mzerewo kutatsala tsiku limodzi kuti oyendera sukulu abwere.

"Mayi, ichi n'chiyani? Mukufuna kutiyalutsa?"

"Awerenga okha anawa, bwana."

"Ana amadziwa chiyani? Kalata yanu ija ili patebulo panga, sindinasaine. Muganize bwino."

Munthu wopanda manyazi! Koma cholembera chosainira kalatayo chinali m'thumba mwa ahediwo. Ana ataweruka, Mayi Mizere anatenga sizasi n'kudula mzerewo mpaka unafupika kuposa wa mvula, pamwamba pake n'kulemba 6. Sanazengereze n'komwe, ndipo zimenezo zimawawawa mpaka lero.

Oyendera aja anayamikira ntchito yokongola, wina mpaka anajambula ndi foni. Atatuluka, kamtsikana kokhala kutsogolo, kamene kanapatsidwa udindo wowerenga zitsekero za ndodo, kanakweza dzanja.

"Madamu, ine ndinapeza 41. Ndinawerenga katatu."

Ahedi anali chiimire pakhomo, manja kumbuyo. Mayi Mizere anatembenukira kwa mwanayo.

"Unalakwitsa, mwanangu."

Mwanayo sanatsutse, poti Madamu anali asanamunamizepo. Anatsegula kope lake, n'kunyowetsa chala ndi mate, n'kuyamba kufuta 41 wake mpaka pepala linabooka.