Voti ya Mkamwini

Kwathu kuseri kwa Sinda, chaka chimene anthu akuda owerengeka analoledwa kuponya voti, m'mudzi monse munapezeka munthu mmodzi yekha woyenera, atate anga. Boma la atsamunda linkafuna wodziwa kulemba Chingerezi komanso wokhala ndi kanthu, ndipo atate, kalipentala wophunzira ku mishoni, anakwanira. Koma atate anali mkamwini. Mudzi unali wa ambuya, obala amayi anga, munthu amene akakhosomola ngakhale nkhuku zinkakhala chete.

Zipani za anthu akuda zinali ziwiri. Zonse zinkafuna kuti chitaganya cha maiko atatu chimene atsamunda anapanga chithe, koma anthu ake sankamwetsana madzi. Ambuya ndi amalume anali atasankhiratu chawo, ndipo kwa iwo nkhani inali yapafupi: mkamwini amalimira apongozi, amawamangira nkhokwe, nanga voti ikhala bwanji yake yekha?

Mwambo sunkalola atate ndi ambuya kuyang'anizana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Mawu awo onse ankayenda ndi miyendo yanga, ine mwana wachisamba.

Tsiku la chisankho kunatentha koopsa, nyenje zili pokopoko m'mitengo. Atate anasita malaya oyera ndi simbi ya makala, nakwera njinga ulendo wa ku Katete. Anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze. Asanamwe n'komwe madzi, ambuya anandiitana pamkeka pamene ankatongola chimanga.

"Esinati, kawafunse atate ako ngati aponyera chipani chathu."

Atate ndinawapeza pakhonde, pakati pa zipalapala zonunkhira za mlombwa. "Ukawauze kuti ndaponya," anatero.

Ndinayenda uku ndi uku mpaka mapazi kupsa ndi mchenga, yankho osasintha. Mawu a ambuya ankanka nakwera, amalume nawo atafika ndi nkhope yakugwa. Mantha anandigwira. Ndinagwada n'kunena kuti, "Atate, ingovomerani, kaya mukunama!"

Anandiyang'ana nati, "Mwanangu, moyo wanga wonse ndakhala wouzidwa. Mzungu andiuze, abusa andiuze, apongozi andiuze. Lero anandilowetsa m'kachipinda ndekha, popanda wondiyang'ana. Chimenecho chokha andisiyire."

Nditafikitsa mawuwo, ambuya anaponya chitsononkho pansi. "Ha! Ndiye kuti wagulitsa mudzi. Ukamuuze amange katundu wake."

Abale anga, palibe mtolo wolemera umene ndinasenzapo kuposa mawu amenewo. Ndinawanena ndikulira. Mamawa atate anamangirira macheka, nyundo ndi bulangete panjinga, ulendo wobwerera kwawo ku Vubwi. Amayi anangoima pamtondo, musi uli m'manja, osasinja. Ife ana tinatsala, poti ana ndi a kuchikazi.

Sipanapite zaka ziwiri, voti inaperekedwa kwa wamkulu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Ambuya anavala chilundu chatsopano n'kukaima pamzere. Atatuluka, amalume anawafunsa mwanthabwala amene amuponyera.

"Iwe, zimenezo safunsa!" anakalipa ambuya.

Kenaka anaima chilili, dzanja lili pakamwa. Mawa lake anamanga mtedza pansalu n'kutuma amalume eni ake ku Vubwi kuti akapepese. Amalume anapeza atate atakwatira kale, mkazi wawo ali ndi khanda kumbuyo. Mtedzawo atate analandira ndi manja awiri, koma kubwerera ayi.

Masiku ano timavotera pasukulu yapafupi, anyamata akuseka pamzere, ena osapita n'komwe, ati dzuwa. Ndikamva mwamuna akupanikiza mkazi wake kuti aulule amene wamuchonga, mtima umandiwira, ndipo sindisunga pakamwa. Ufulu wokhala chete umenewu kwathu unatidyera banja.

Atate ndinkawayendera ku Vubwi mpaka ukalamba wawo. Tinkacheza za mvula, za ana, za mitengo ya mlombwa imene inkatha. Anamwalira osandiuza amene anamuponyera, ndipo ine sindinawafunsenso.