Mwamuna wa Kuseri kwa Banga

Chaka chimene khofi wathu anagwidwa ndi matenda, masamba n'kuyoyoka onse, ndinauza adada, bambo anga, kuti ndikupita ku Joni. Anali pakhonde akusoka thumba, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Pita," anatero, "koma nsapato zako zakutchalitchi uzisiye. Munthu akasiya nsapato amabwerera."

Mkazi wanga Nakayange anamva zonsezi ali kuseri kwa nyumba. Kwathu ku Misuku mkazi sayandikira apongozi ake aamuna. Sadya nawo, sawayang'ana kumaso, akakumana nawo m'njira amapatukira patchire. Amayi anali atamwalira kale, alongo anga anakwatiwa kutsidya ku Tanzania, choncho chakudya cha adada ankakapereka ndi mwana wathu wamkazi, Lusekelo.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ndi mnzanga wa ku Mzimba, Gondwe, munthu wa pakamwa poyabwa. Mkazi wake anamuthawa, ndiye ankafuna tonse tifanane. Ndikangotchula Nakayange ankati, "Iwe, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo." Ndinkamuseka, koma mawu ake ankandikhala.

Kuti alankhule nane, Nakayange ankakwera kaphiri kamene netiweki inkagwira, n'kundiflasha, ine n'kuimba. Poyamba tinkacheza mpaka mayunitsi kutha. Kenaka anayamba kufupikitsa. "Kuno kuli bwino. Adada ali bwino. Ndithamangire kunyumba." Kuthamangira chiyani? Kunyumbako kuli ndani woposa mwamuna wake ali pafoni?

Ndipamene ndinaganiza zogula kamera, zija zazing'ono zolowa m'thumba la malaya, kuti azinditumizira zithunzi ndidzionere ndekha. M'sitolo ya katundu wakale anandiyalira ziwiri. Ina yasiliva, yonyezimira, kagalasi kake kakumbuyo koyera mbee. Ina yakuda, yotchipa, koma pakona ya galasi panali kabanga ngati chitosi cha ntchentche. Wogulitsayo ankandikankhira yasiliva, kuitama osapuma, ndipo ine munthu akamatama chinthu kwambiri ndimayamba kununkhiza. Ndinati iyi ili ndi chilema cham'kati, mwinanso njobedwa. Bola yakudayi, chilema chake chili poyera. Iye anati bangalo lili pagalasi pokha, chithunzi chenicheni chimatuluka chathunthu. Ndinamubwerezetsa kawiri, ndipo madzulo ake ndinamuuzanso Nakayange pafoni.

Ndinaitumiza kudzera mwa matransipota. Kaya anaipanikiza ndi mafiriji, kaya chiyani, inafika banga litakula, litadya theka la galasi. Zithunzi zimene ndinkadikira sizinabwere, ngakhale chimodzi. Nakayange akuti ku boma kotsukira zithunzi n'kutali, msewu waterera, alibe womusiyira pakhomo. Gondwe ankangogwedeza mutu akuimba mluzu.

Tsiku lina foni inalira ndili pakati pa maluwa a bwana. Anali Nakayange. "Adada atisiya." Ndinakhala pansi pomwepo. Masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kalekale, ndipo ulendo wake sukanatheka maliro asanaikidwe. Ndinakuwa pafoni, "Si paja unkati ali bwino?" Iye anangoti, "Anandiletsa kukuuzani." Ndinalira, ndipo misozi itauma mumtima munatsala funso loipa. Mkazi wobisa matenda a bambo anga kwa miyezi, n'chiyani china chimene sangabise?

Ndinabwerera khofi akupsa. Nditachoka kumanda ndinayamba kuona zachilendo. Amayi a pamudzi ankandipatsa moni bwinobwino, koma Nakayange akatulukira, nkhani zii. Azakhali anga, alongo awo a adada, anandikokera pambali. "Mwana wanga, mkazi wakoyu wachita zamanyazi pakhomo pano. Pakamwa panga sipanganene, ndine munthu wopemphera." Ndinawaumiriza, anakana, koma maso awo ankasangalala.

Kamera ndinaipeza pansi pa sutikesi, itakulungidwa m'chitenje. Ndinaika mabatire, ndinayatsa. Kumanzere Nakayange, ataima kutsogolo kwa khofi, atatchena. Kumanja bii, banga lokhalokha. Koma paphewa lake panali dzanja la mwamuna, lotulukira m'bangamo. Ndipo pansi, pamene banga linalekezera, panali mapazi atavala nsapato zanga zakutchalitchi. Ndinadina china, chimodzimodzi. Chinanso, dzanja lomwelo, nsapato zomwezo. Mayo ine! Ine kuthirira maluwa a eni, wina kuno akundivalira nsapato, n'kujambulitsa ndi kamera yanga!

Sindinafunse. Ndinkadziwa kuti ndikafunsa ndimva bodza lokonzedwa kale. Ndinkafuna nkhope yake papepala, ndikaiponye pamaso pa ankhoswe, ukwati uthere pomwepo. M'mawa ndinakwera lole yotsikira ku boma, kamera ili m'thumba, mtima ukuwira njira yonse.

Mwini situdiyo ya zithunzi anali wa ku Mulanje, wokonda macheza. "Achimwene, galasi ili lafa. Bwanji ndikugulitseni ina?" Ndinati sindinabwerere malonda, anditsukire zithunzi basi. Anachotsa kakhadi kosunga zithunzi, makina anayamba kulira, ine ndili chiimire pakhomo. Atandipatsa envelopu anati, "Koma madalawa anadwala zedi. Ali moyo?"

Anali adada. Poyamba sindinawazindikire. Masaya atalowa, khosi ngati la nkhuku, jekete ikulendewera. Dzanja lija linali paphewa la Nakayange chifukwa paokha sakanaima. Ndipo ankaseka, kuseka kwenikweni, mano onse panja. M'maganizo anga onse aja, adada sanandibwerere ngakhale kamodzi. Akanabwera bwanji? Kuyambira ndili mwana sindinaonepo bambo wa kwathu atakhudza mkazi wa mwana wake.

Ndinafika kunyumba Nakayange akuyanika khofi. Ndinayala zithunzi pamphasa. Anazipenya nthawi yaitali, kenaka anapukuta manja n'kukhala pansi.

"Miyendo itafooka, ankagwa popita kuchimbudzi," anatero. "Alongo anu ali kutali. Azakhali anabwera, anapemphera, anapita. Lusekelo ndi mwana, sakanawanyamula. Tsiku lina ndinawapeza ali gone pansi, atadziipitsira. Ndinaima pakhomo. Kenaka ndinalowa. Kuyambira pamenepo ndinkawasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine. Ndizo zamanyazi zimene mwamva."

"Nanga zithunzizi?"

"Ankakana kujambulidwa. Ankati mwana wanga asandione chonchi, angasiye ntchito. Ndiye Lusekelo anawaonetsa kuti woima mbali iyi saoneka. Anaseka mpaka kutsokomola. Lamulungu lililonse ankati ndivekeni nsapato za mwana wanga zingaume, ndikaime m'banga muja. Iwo ankayesa kuti palibe adzawaone. Ine ndinkakumbukira zimene munandiuza, kuti chithunzi chimatuluka chathunthu. Ndinkafuna mudzawapeze."

"Bwanji osandiuza nditangofika?"

Anandiyang'ana koyamba chibwerereni. "Bambo a Lusekelo, ndikanayambira pati? Ndikanati ndinkavula apongozi anga? Ndinkaopa kuti nanunso mundiyang'ana ngati azakhali."

Ndinatola chithunzi chimodzi, misozi n'kugwera pajekete ya adada. Mudzi umene ndinkaulakalaka ndili ku Joni, umene ndinkauza Gondwe kuti kwathu munthu safa yekha, unasunga mwambo bwinobwino uli chapatali, bambo anga ali pansi. Anawadzutsa ndi munthu mmodzi yekhayo amene mwambo unamuletsa, yemweyo ndinkamukonzera ankhoswe.

Kamera ija sindinaikonzetse, ili ndi banga lake mpaka lero. Chithunzi chimene adada akuseka kwambiri ndinachikulitsa, ndinachiika m'felemu, ndipo ndinachipachika pabalaza moyang'anizana ndi mpando umene azakhali amakonda. Amabwerabe kudzamwa tiyi wa Nakayange, koma masiku ano amati pabalaza pamatentha, amakhala pakhonde.