Akakowa a pa esiteti ndi munthu amene anakana nkhwangwa

Loweruka lapitali mlamu wanga a Jere, omwe amayendetsa thiraki, anandipeza ndikukonza njinga. "Alamu, tiyeni mukaone mbalame," anatero.

Ndinaseka. Munthu wamkulu, wa ana asanu, kupalasa njinga mpaka cha ku Kachebere kukaona ndiwo zikuuluka?

Iwo sanaseke. Anati paulendo wina atakasiya katundu kudoko la nyanja yamchere, anaona kachilumba koyera ndi mbalame, anthu ochokera kutali atayima ndi magalasi oonera patali tsiku lonse. "Ndinkati zimenezi n'za kwa eni. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno ziliponso."

Tinapita. Kumapeto kwa esiteti ina ya fodya, m'mphepete mwa dambo, kuli mibawa itatu. Nthambi iliyonse chisa, chisa chilichonse akakowa. Phokoso lake ngati msika wa paboda, fungo la zitosi losasimbika. Koma ndinayima pamenepo mpaka khosi kuwawa, ndikuona kholo likulavulira chakudya m'kamwa mwa kamwana kosamera nthenga, lina likutera, lina likunyamuka.

Kenaka panatulukira bambo wina wochepa thupi, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anali a Makwinja, tenanti wochokera ku Mulanje. A Jere anandinong'oneza kuti mitengoyi ilipo chifukwa cha iwowa.

Mwezi wathawu nkhuni zowotchera fodya zitachepa, kapitawo anawapatsa nkhwangwa kuti akagwetse mibawayo. Iwo anakana. Anauzidwa kuti akapanda kudula amange katundu.

"Nanga simunaope, bambo?" ndinafunsa.

"Ndinaopa, achimwene. Akazi anga sanandiyankhule masiku awiri. Koma ine anandichotsapo pa esiteti ina mvula ili pakati, denga n'kulisasula ana ali m'nyumba. Nditayang'ana m'mwambamu, manja anakana."

Kwa sabata yathunthu ankadzuka m'mamawa kukatola nthambi zouma za bulugama kutsidya kwa dambo, n'kumasenza pamutu, kuti fodya asaole. Matenanti anzawo anayamba ndi kuwaseka, kenaka awiri anawathandiza. Mwini esiteti atamva, anabwera yekha, anayang'ana zisazo, n'kunena kuti mbalamezi ndi zomwe zimadya nkhupakupa pa ng'ombe zake. Nkhwangwa inabwerera kusitolo yosungira zipangizo.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ine mbadwa ya Mchinji, ndadutsa pamsewu umenewo kosawerengeka osatembenuka. Zinatengera munthu wopanda ngakhale mzere umodzi wa munda wakewake kuno kuti andisungire chinthu chakwathu.

Tinene zoona, abale. Chibwerere matipate timakonda kunena kuti tili pa ufulu, ndipo ufulu wina tauonetsera pa mitengo. Mapiri amene tinkaopa kulowamo tili ana lero akuoneka ngati mutu wometa. Tikaona mbalame timafunsa legeni, tikaona mtengo timawerenga matumba a makala. Inenso ndili momwemo, sindikudzichotsa.

A Makwinja, zikomo. Sindinakupatseni kanthu kupatula dzanja, ndipo mwina chaka chamawa mudzakhala muli pa esiteti ina.

Tsono mukadzachoka, kapitawo akadzatulutsanso nkhwangwa ija, ndani mwa ife eni dera adzabweze manja kumbuyo?