Mmene Tinatchingira Kasupe Wathu

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Chipata, ndinabwerera kwathu ku Kasenengwa ndi maganizo olima nsawa basi. Za kasupe sizinali m'mutu mwanga. Koma tsiku loyamba kukatunga ndinapeza madzi ali mbuu, ndowe za ng'ombe zili m'mphepete, ndipo mitengo ya katope yomwe inkaphimba malowo itatsala iwiri yokha. Ina yonse inali zitsa.

Wodula mitengoyo sanali mlendo ayi. Anali alamu anga, amuna a mng'ono wanga, omwe ankaumba njerwa kudambo n'kumagulitsa kwa omanga nyumba m'tauni. Munthu wabwino, wanthabwala, koma uvuni wawo sunkakhuta nkhuni.

Mvula itagwa, ana anayamba kutsegula m'mimba. Mdzukulu wa mnzanga wina, mayi wotsogolera mphakati wa Akatolika, anagonekedwa kukiliniki masiku atatu. Ndinapita ndi mnzangayo kukamuzonda mwanayo, ndipo namwino sanatibisire.

"Amayi, mankhwala tipereka, koma ngati madzi ake ndi omwewo, mubweranso."

Pobwerera tinapangana. Iye akalengeza kwawo Lamlungu, ine ndikalengeza kumpingo kwathu. Lachitatu lake amayi anabwera pakasupe ndi makasu, ochuluka kuposa mmene tinkayembekezera. Tinachotsa matope, ndipo tinagwirizana zozinga malowo ndi khonje kuti ng'ombe zisamalowe. Kumunsi tinakumba dziwe laling'ono loti ziweto zizimwerapo, chifukwa eni ng'ombe akanatiukira tikanangotseka.

Yovuta inali ya alamu anga, ndipo amayi onse anati ndipite ndine. Ndinawapeza m'mawa akusanja njerwa pakhomo pawo.

"Aphunzitsi akalawirira chonchi ndiye kuti wina walakwa samu," anatero akuseka.

"Alamu, ndabwera ndi pempho. Mitengo ya pakasupe ija muileke."

Kuseka kunathera pomwepo. "Nanga njerwazi ndiwotchere chiyani? Choko?"

Anandipulumutsa ndi mng'ono wanga, yemwe ankamvetsera ali pakhonde. Anati ku Mwami, komwe amakagulitsa tomato, anaona anthu akuwotcha njerwa ndi makoko a nsawa osakaniza ndi zitsononkho za chimanga. "Makokowo tikungotaya kudzala, bambo. Bwanji osayesa?"

Anayesa monyinyirika. Ife amayi tinawatutira makoko m'matumba nyumba ndi nyumba. Uvuni woyamba sunapse bwino, njerwa zambiri zinkangofumbutuka m'manja, ndipo alamu anga anatha mwezi wathunthu osandipatsa moni. Kutchalitchi ankayang'ana kumbali. Zinandipweteka, sindinama. Koma ulendo wachiwiri anachepetsa uvuniwo, n'kuwonjezera nthambi za bulugama wa kumunda kwawo, ndipo njerwa zinatuluka zofiira, zolira ngwee ukazigogoda. Anatumiza imodzi kunyumba kwanga popanda mawu alionse. Ndinadziwa kuti nkhani yatha.

Mbande za katope ndi mkuyu tinkazifesa m'mapaketi a shuga otha ntchito, kuseri kwa nyumba yanga. Chaka choyamba mbuzi zinadya pafupifupi theka, popeza khonje linali lisanakule. Tinabzalanso, uku tikutchinga mtengo uliwonse ndi minga. Mnzanga uja anali ndi dzanja labwino, wake uliwonse unkagwira. Yanga yambiri inkafota, ndipo amayi ankandiseka kuti manja ogwira choko sadziwa dothi.

Pofika dzinja lachitatu madzi anayera moti unkaona mchenga pansi. Sitinasiye kuwiritsa akumwa, monga anatilangizira namwino, koma maulendo a kukiliniki anachepa, ndipo m'mwezi wa Okutobala, zitsime zina zitauma, ife tinkatungabe.

Mpaka lero Lachitatu lililonse timakumana pakasupe. Kupalira kwake n'kochepa tsopano, zambiri ndi macheza. Nyimbo zathu ndi za Akatolika zinasakanikirana kalekale, moti sitidziwanso kuti iyi inachokera kwa yani.

Chaka chatha kunabwera amayi anayi a mudzi wina wa kufupi ndi Mtenguleni kudzapempha mbewu ya khonje. Tinawazulira matumba awiri, n'kuwonjezera mbande khumi. Alamu anga anadzipereka kuwaperekeza pangolo yawo. Ndinamva akuyamba kuwafotokozera ngolo isanatuluke n'komwe m'mudzi.

"Mukaona kasupe akuuma, amayi, muyambe mwayang'ana mitengo. Ine ndinawauza kalekale anthu a kuno."

Ine ndi mng'ono wanga tinangoyang'anana, n'kubwerera kukamaliza kuthirira mbande.